Umwini wa Malo ndi Kusamala Nthaka Pakati pa Alimi a M'midzi ku Malawi

Ntchito yosamala nthaka imasiyana ndi ntchito zina za kumunda chifukwa phindu lake limachedwa. Mlimi akathira feteleza mu Disembala, pofika Epulo waona kale zotsatira zake. Koma akagwetsa mizere yakale kuti yatsopano itsate akalozera, akadzala udzu wa vetiva, akatseka chigwembe ndi miyala, kapena akasiya mbande ya msangu kuti ikule pakati pa chimanga, amadikira zaka, ndipo kwa msangu zimatha kupitirira khumi. N'chifukwa chake asanatole khasu amayamba waganiza ngati iye kapena ana ake adzakhale akulimabe munda womwewo phindulo likamadzafika. Yankho lake limachokera ku malamulo ndi miyambo yonena za amene ali ndi mphamvu pa malo, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso amene angamuchotsepo.

Kukokoloka kwa nthaka ku Malawi n'kwakukulu. Kafukufuku amene boma linachita mothandizana ndi bungwe la FAO, wofalitsidwa mu 2016, anapeza kuti m'chaka cha 2014 hekitala iliyonse inkataya matani pafupifupi 29 a dothi pachaka, pamene Banki ya Dziko Lonse mu 1992 inayerekeza matani 20. Kale munda ukaguga ankaugoneka, n'kukatsegula wina, tsala lija n'kumabwerera lokha m'chonde. Zimenezi zinkatheka pamene anthu anali 4 miliyoni, monga anawerengedwera mu 1966. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo mabanja ambiri, makamaka kum'mwera, amalima malo osakwana hekitala imodzi chaka ndi chaka osapumitsa. Dothi lochoka m'minda imeneyi limakathera mu Shire, kumene limadzaza madamu a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira.

Lamulo la malo la 1965 linagawa dziko m'magulu atatu: malo a boma, malo a munthu payekha, ogulidwa kapena a lizi, ndi malo a mafumu. Alimi ang'onoang'ono pafupifupi onse amalima pa malo a mafumu. Pamwambo, nyakwawa imapereka malo ku banja, ndipo banjalo likayamba kulima, malowo amakhala a mtundu wawo, kumasiyirana mibadwo. Masiku ano malo osagawidwa atsala ochepa, kotero anthu ambiri amapeza munda polandira kwa makolo. Ena amati malo a mafumu alibe chitetezo chifukwa alibe pepala, koma kunena kotero n'kuphatikiza zinthu zosiyana. Mayi amene akulima munda umene analima agogo ake, m'mudzi momwe muli manda a makolo ake, saopa kuti wina amuchotsa. Mantha ali ndi eni ake: mkamwini, mtengwa, wamasiye, wobwera, wochita lendi ndi tenanti. Kuti nkhani ya nthaka imveke, aliyense wa anthu amenewa ayenera kuonedwa payekha.

Kulumikizana kwa malo ndi chisamaliro cha nthaka kunayamba kuoneka nthawi ya atsamunda. M'zaka za m'ma 1890, Harry Johnston anapereka zikalata zotsimikizira umwini wa malo aakulu kwa azungu a m'mapiri a Shire, ku Blantyre, Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje. Anthu okhala m'malo amenewo anasanduka alendo kwawo komwe, n'kumagwira thangata kuti asathamangitsidwe, ndipo nkhanza za thangata pa esiteti ya Bruce ku Magomero zinali china mwa zimene zinautsa John Chilembwe mu 1915. Amene anakana thangata anathinana pa malo otsala, ambiri otsetsereka. Boma la atsamunda litaona mapiri akukokoloka linaloza chala kalimidwe ka anthu akuda. Malamulo a 1946 ndi 1949 anakakamiza mlimi aliyense kuunda mizere yopingasa ndi kukumba migula, ndipo wokana ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Anthu ankangowatcha kuti malimidwe. Ku chigwa cha Shire, kumene nthaka ndi yafulati ndipo anthu sankaona chifukwa choundira mizere, kukanako kunatchedwa nkhondo ya mitumbira. Chipani cha Nyasaland African Congress chinapeza otsatira ambiri m'midzi chifukwa cha mkwiyo umenewu. Chodabwitsa n'chakuti chikakamizo chitatha, mizere sinathe: lero ndi kalimidwe ka pafupifupi aliyense. Chimene anthu ankadana nacho kwambiri chinali kulamulidwa kusamala timalo tochepa ndi boma lomwe linawalanda malo abwino.

Nkhani ya chikamwini ndi imene imautsa mtsutso wambiri. Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe amawerenga mtundu kuchikazi. Paukwati wa chikamwini mwamuna amakamanga nyumba kwawo kwa mkazi n'kumalima munda wa mkaziyo, umene uli m'manja mwa mbumba, ndipo woyang'anira mbumbayo ndi mchimwene kapena malume ake a mkazi. Banja likatha, kapena mkazi akamwalira, mwamuna amabwerera kwawo, munda ndi mitengo yonse n'kutsala. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, ndipo amuna ambiri a pachikamwini amadziona motero. Ofufuza Frank Place ndi Keijiro Otsuka anapeza kuti kudzala mitengo kunali kotsika m'mabanja a chikamwini, ndipo Stefania Lovo, m'kafukufuku wa 2016, anapeza kuti ntchito zoteteza nthaka zimachepa pamene wolamula za munda sali wa mbali imene mwambo wa cholowa umakondera.

Zimenezi n'zoona, koma zakokomezedwa mpaka ena kumanena kuti chikamwini ndicho chikuwononga nthaka ya kum'mwera. Pauline Peters, amene anatsatira mabanja a m'midzi ya ku Zomba kuyambira 1986, anaonetsa kuti amayi a kumeneko ali ndi mphamvu yeniyeni pa minda yawo ndipo amaisiyira ana awo aakazi. Mayi wotere ali ndi chifukwa chokwanira chosamalira munda, ndipo ndiye amagwira ntchito yambiri m'mundamo. Vuto limabuka pamene ndalama ndi mawu otsiriza zili ndi mwamuna amene sakudziona wokhalitsa, pomwe mwini munda weniweni alibe zogulira mbande kapena zolipirira aganyu. Limakulanso alangizi akamaitana "mutu wa banja" kumaphunziro, n'kuphunzitsa za vetiva munthu amene mtima wake uli ku kamunda kamene wagula kwawo. Maboma a chikamwini monga Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu ndi omwenso ali ndi anthu othinana kwambiri ndi minda ing'onoing'ono, choncho si chapafupi kulekanitsa chimene chachitika chifukwa cha mwambo ndi chimene chachitika chifukwa cha kuchepa kwa malo.

Pa chitengwa, chimene chafala m'chigawo chapakati, mkazi ndiye amatengedwa kukakhala kwawo kwa mwamuna. Apa mantha amagwera mkazi ndi ana. Pamwambo wachikazi munda wa bambo ndi wa mbumba yake, kotero bamboyo akamwalira, ana ake angapezeke akulimbirana mundawo ndi ana a alongo ake. Bambo amene akudziwa kuti mlandu woterewu ukubwera amazengereza kuwononga ndalama pa munda umene ana ake angadzachotsedwemo. Kumpoto, kwa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba ndi Ankhonde, ndiponso kwa Asena ku chigwa cha Shire, malo amayenda kuchimuna ndipo mkazi amalowoledwa. Mwamuna wa kumeneko amadzala mitengo mtima uli m'malo. Koma akamwalira, mkazi wake amakhala pa mundawo malinga ndi chifundo cha alamu ake, makamaka ngati alibe mwana wamwamuna. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika kulanda katundu wa wamasiye kukhala mlandu, komabe nkhani zambiri za minda zimathera pabwalo la mfumu, kumene mwambo ndiwo umamveka kwambiri.

Lendi sikambidwa kwambiri ngati chikamwini, koma mwina ndiyo ikuwononga nthaka mofulumira. Pangano lambiri ndi la pakamwa, la chaka chimodzi, ndipo ndalama imaperekedwa mvula isanagwe. Wobwereketsa kawirikawiri ndi wosauka: gogo, wodwala, kapena banja lopanda feteleza limene likufuna ndalama ya chakudya m'miyezi ya njala. Wobwereka amakhala wopezako bwino, mwina mphunzitsi, wageni kapena mlimi wa fodya ndi soya. Munthu wotere amachita zimene zimabweza ndalama m'chaka chomwecho. Feteleza amathira, chifukwa mphamvu yake imathera m'mbewu ya chaka chimenecho. Manyowa a khola sathira, chifukwa mphamvu yake imatsalira zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo amadziwa kuti mwini munda akaona chimanga chachita bwino angautenge chaka chamawa kapena kukweza mtengo. Kugwetsa mizere kuti itsate akalozera n'kosayembekezeka n'komwe, pakuti ndi ntchito yolemetsa ndipo chaka choyamba sichisonyeza kusintha kwenikweni.

Mwini munda naye ali ndi mantha ake, ndipo ndi amene amafupikitsa pangano. Pamwambo, kudzala mtengo ndi chizindikiro cha umwini. Pamilandu ya malire, mboni zimaloza mango, nsungwi kapena nthochi n'kunena amene anadzala. Choncho wobwereketsa amaletsa dala kuti wa lendi asadzale chilichonse chokhalitsa, ndipo ena amasintha obwereka chaka ndi chaka kuti pasapezeke wonena kuti wakhala akulima pamenepo kuyambira kale. Mundawo umakhala wolimidwa chaka chilichonse koma wopanda wousamala. Mwambo womwewu uli ndi mbali yake ina: wobwera amene anapatsidwa malo ndi nyakwawa nthawi zina amafulumira kudzala mitengo m'malire kuti adzakhale ndi umboni. Apa mantha ndi amene akudzalitsa mitengo, ngakhale kuti mitengo ya m'malire, monga bulugamu, siyothandiza kwenikweni chonde cha munda.

Maesiteti a fodya anabweretsa mtundu wina wa mlimi wosakhalitsa. Nthawi ya Kamuzu Banda lamulo la mbewu zapadera linkalola fodya wa bale kulimidwa pa maesiteti okha, ndipo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 malo ambiri a mafumu ku Kasungu, Mchinji, Dowa ndi Mzimba anasandutsidwa maesiteti. Ankalima fodyayo anali matenanti, ambiri ochokera kum'mwera kumene malo anali atatha kale. Tenanti ankapatsidwa munda kwa chaka, ankatenga chakudya ndi feteleza pangongole, n'kugulitsa fodya kwa mwini esiteti. Analibe chifukwa chodzalira mtengo, pomwe zigafa zinkadya mitengo chaka ndi chaka. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima bale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, maesiteti ambiri anafooka, ena n'kungokhala tchire pafupi ndi midzi yothinana. Anthu olowerera m'malo oterewa amalima akudziwa kuti tsiku lililonse angathamangitsidwe, ndipo kalimidwe kawo kamaonetsa zomwezo. Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti mu 2021 posintha lamulo la ntchito.

Ngakhale mlimi amene munda ndi wakewake alibe mphamvu pa mundawo chaka chonse. M'midzi yambiri, makamaka m'chigawo chapakati, anthu akakolola ziweto zimamasulidwa, ndipo mbuzi ndi ng'ombe za aliyense zimadya m'munda wa aliyense. Anyamata osaka mbewa amatentha mapesi, ena amatola mapesiwo kukakolezera moto. Izi zimagunda mwachindunji ulimi wa mtayakhasu, umene umadalira kuphimbira nthaka ndi mapesi, komanso nandolo, amene amakhala m'munda miyezi ingapo chimanga chitakololedwa, ndi mbande za gilirisidiya zimene mbuzi zimabudula. Mlimi mmodzi sangathetse zimenezi payekha, ndipo akalipitsa mnansi chifukwa cha mbuzi m'chilimwe amaoneka wankhanza. Kumene nandolo wakhazikika, monga m'madera ambiri a kum'mwera, midzi imakhala ndi malamulo akeake omangirira ziweto, ndipo mfumu imagamula chindapusa. Apa chitetezo cha mlimi chachokera ku mgwirizano wa mudzi.

Madzi nawo sadziwa malire a minda. Makolo akamagawira ana munda wa pamtsetse, nthawi zambiri amaudula kuchokera kumtunda kupita kumunsi kuti aliyense apeze mbali ya dothi labwino. Malirewo amasanduka tinjira, tinjirato n'kusanduka ngalande, ndipo pakapita zaka pamakhala chigwembe chimene onse awiri amati si chawo. Kalozera amene wathera pamalire amakhuthulira madzi m'munda wa mnzake, ndipo mlimi wa kumunsi angaunde mizere ya ngonyeka mwaluso koma madzi ochokera kwa wa kumtunda amene sanachite kanthu n'kuigumula usiku umodzi. Mapiri ndi magombe a mitsinje, amene ndi a mudzi wonse, ndiwo amayamba kumetedwa. Koma m'midzi ya Achewa munthu amatha kuona kuchokera patali nkhalango yowirira pakati pa minda yopanda mtengo: ndi manda. Malo amenewa alibe pepala lililonse, ndipo si a munthu mmodzi, koma lamulo lake aliyense amalidziwa ndipo wolitsata alipo. Nkhalango za m'mudzi zimene lamulo la zankhalango la 1997 limazivomereza zimapulumuka pamene zayandikira dongosolo lotere.

Boma layesa kangapo kulembetsa malo a m'midzi. Malamulo a 1967 anatsegula njira, ndipo anayesedwa kumadzulo kwa Lilongwe pa pulojekiti ya chitukuko cha malo imene inayamba mu 1968 ndi ndalama za Banki ya Dziko Lonse. Malo ankalembedwa m'dzina la banja lalikulu, lotchedwa ndunda, ndipo munthu mmodzi ankaimira onse. Ntchitoyi inali yodula ndi yochedwa, ndipo sinafalikire ku maboma ena. Mikangano ya mkati mwa banja sinathe, ndipo woimira ndunda akamwalira kaundula nthawi zambiri sankakonzedwanso. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, komiti yofufuza za malo imene inakhazikitsidwa mu 1996 inatsogolera ku ndondomeko ya malo ya 2002. Pakati pa 2004 ndi 2011 pulojekiti ya Kudzigulira Malo inathandiza mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, kugula maesiteti ku Machinga, Mangochi ndi madera oyandikira, banja lililonse n'kupeza pafupifupi mahekitala awiri.

Malamulo a malo a 2016, amene anayamba kugwira ntchito mu 2018 n'kukonzedwanso mu 2022, amalola munthu, banja kapena anthu angapo pamodzi kulembetsa munda wa pa malo a mafumu n'kulandira chikalata. Ntchitoyi imayendetsedwa ndi komiti ya malo ya kwa gulupu, yokhala ndi gulupu monga wapampando ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, atatu mwa iwo kapena kuposerapo akhale amayi. Inayesedwa koyamba m'midzi ina ya ku Phalombe, Kasungu ndi Rumphi. Mafumu ena anaitsutsa poopa kutaya mphamvu. Chiyembekezo choti chikalata chingalimbikitse kusamala nthaka chili ndi maziko: ku Tigray m'dziko la Ethiopia, kumene zikalata zotsika mtengo zinaperekedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndiponso ku Rwanda, ofufuza anapeza kuti alimi olembetsa anawonjezera ntchito zoteteza nthaka, ndipo ku Rwanda kusinthako kunali kwakukulu m'mabanja otsogoleredwa ndi amayi. Koma m'maiko amenewo anthu ankaopa kwambiri kuti boma ligawanso malo kapena kuti obwerera kuchokera kunkhondo awalanda. Chikalata chimachiza mantha a mtundu umenewo. Ku Malawi chingathandize wobwera, wamasiye, ndi mudzi umene ukuopa kuti mfumu igulitsa malo kwa munthu wa ndalama. Kwa mkamwini ndi mtengwa, zonse zimadalira dzina limene lalembedwa. Likalembedwa la mwamuna yekha monga mutu wa banja kudera la chikamwini, mwini munda weniweni ndiye walandidwa. Likalembedwa la mmodzi popanda mnzake, winayo wauzidwa poyera kuti ndi mlendo.

Palinso zolepheretsa zimene sizikhudzana ndi umwini. Nthawi yoyeza akalozera ndi kugwetsa mizere ndi yomweyo imene banja losauka limakhala kuganyu m'minda ya ena. Mbewu ya vetiva siipezeka paliponse, ndipo mlangizi mmodzi amayang'anira mabanja ochuluka kuposa amene angawafikire. Ndalama zambiri za unduna wa zaulimi, kuyambira pulogalamu ya makuponi ya 2005 mpaka ya AIP ya 2020, zakhala zikupita ku feteleza, amene amagwira bwino ntchito pa nthaka yokhala ndi manyowa koma sabweza dothi lokokoloka.

Kwa alangizi ndi mabungwe, zimenezi zikutanthauza kuti uphungu uyenera kuyamba ndi kudziwa kuti munda ndi wa yani, akulima ndani, ndipo adzalimamo mpaka liti. Wa lendi ya chaka chimodzi angavomere ngonyeka, zimene zimasunga madzi m'chaka chomwecho, ndi kasinthasintha wa mtedza kapena soya. Vetiva, gilirisidiya ndi manyowa zimafuna pangano la zaka zitatu kapena zisanu, lolembedwa pamaso pa nyakwawa, lonena poyera kuti mundawo ndi wa wobwereketsa ngakhale wobwereka adzalemo mitengo, kuti onse awiri mantha awathere. Msangu ndi kutseka zigwembe n'zoyenera eni minda okhazikika, ndipo pa chikamwini maphunziro ake ayenera kufikira amayi ndi eni mbumba. Za ziweto, moto wa m'chilimwe, tinjira ta m'malire ndi mapiri sizingathetsedwe munda ndi munda. Zimafuna msonkhano wa onse olima mtsetse umodzi, kuyambira pamwamba pa phiri mpaka kudambo, pamodzi ndi mafumu awo, ndipo kumene mtsetsewo wadutsa midzi ingapo nkhaniyo imakwera kwa gulupu kapena kwa mfumu yaikulu.